Kukumba Dzala la Chigwa cha Shire

Olemba mbiri amakonda mafumu, nkhondo ndi abwanamkubwa. Ine lero ndati ndikutengereni kuseri kwa nyumba, kudzala, kumene amayi amakakhuthula phulusa m'mamawa nkhuku zili pambuyo. Musachite tsinya, awerengi. Akatswiri ofukula zakale amadziwa kuti dzala silinama monga tinamira anthufe. Keith Robinson atayenda m'mbali mwa Shire kukumba m'mabwinja a midzi yamakedzana, ntchito imene inasindikizidwa m'chaka cha 1973, chimene chinamuuza za anthu akalewo si makalata ayi, koma mapale. Nawonso a Yusuf Juwayeyi, pokumba pa Mankhamba ku Dedza pamene panali likulu la Kalonga, anapeza mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China, ndipo m'zotayidwazo ndi mmene tikudziwira lero kuti Amaravi ankachita malonda ndi anthu akutali zedi. Tsono ngati dzala la ku Dedza likutha kuyankhula chotere, nanga la ku Chikwawa ndi ku Nsanje lingatiuze zotani?

Mudzi wakale wa Amang'anja kapena Asena unali ndi dzala laling'ono, poti chinthu chisanafike kumeneko chinkayamba chagwira ntchito ziwiri kapena zitatu. Mphika ukasweka, phale lake linkakazinga chimanga, kupala moto kwa anansi, kapena kumwetsera nkhuku. Lichero likatha linkasanduka chipapa choolera zinyalala, dengu lobooka n'kukhala choikiramo thadzi. Zitsononkho ankasonkhera moto, phulusa lake amayi n'kulithira madzi m'chiwiya chobooka pansi kuti lidonthe chidulo cha thelele. Gaga anali wa nkhuku ndi nkhumba, koma chaka cha njala ankabwerera m'mbale ya munthu popanda wochita naye manyazi. Mapesi a mapira ankamanga mpanda. Mphasa ya bango ndi mkeka wa mlaza zikang'ambika, chiswe chinkamaliza nkhani. Ndipo dzalalo, likakhuta phulusa ndi zitosi, linkabweza ngongole: maungu onona kuposa a kumunda, mapapaya ndi pwetekere womera yekha, zonsezi zinkachokera pompo.

Pano ndichenjeze anzanga alakatuli amene timakonda kupaka makolo athu mafuta ngati kuti anali angelo a ukhondo. Sizinali choncho. Gogo akamaliza kudya nthochi khoko ankaliponya pomwepo, chimodzimodzi mdzukulu wake lero aponyera jumbo pawindo la minibasi. Dzanja ndi lomwe lija, chizolowezi ndi chomwe chija. Chasintha n'chakuti khoko lija linkaola sabata isanathe, pamene jumboyi idzaona maliro a woitayayo ndi a ana ake omwe.

Chimodzi mwa zinthu zosaola zimene mudzi unali nazo chinali chitsulo, ndipo chimenecho sichinkatayidwa m'pang'ono pomwe. David Livingstone atakwera Shire ndi kasitima kake ka Ma Robert m'chaka cha 1859, anachita chidwi ndi Amang'anja poona kuti ankayenga chitsulo chawo m'ng'anjo, kuomba nsalu ndi thonje lolima okha, komanso kutcheza mchere kuchokera m'dothi la m'chigwamo. Taganizirani thukuta la khasu limodzi: kukumba miyala, kuotcha makala, kupopa mvukuto tsiku lathunthu. Khasu lotero linali chuma, linkagula zinthu ngati ndalama. Likaperepeseka linkabwerera kuchipala kukasanduka mpeni, kasemasema kapena nsonga za mivi, mpaka chitsulocho kutheratu ngati sopo.

Kenaka kunabwera sitima za pamadzi. Kampani ya African Lakes, ija timati Mandala, inayamba ntchito mu 1878, ndipo madoko a Chiromo, Katunga ndi Port Herald, amene lero ndi Nsanje, anadzaza ndi nsalu za kaliko, makasu a ku Ulaya, mchere wa m'matumba ndi palafini. Njanji yochoka ku Port Herald inafika ku Blantyre mu 1908. Katswiri wa mbiri Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lofotokoza za chigwachi kuyambira 1859 mpaka 1960, anaonetsa mmene ntchito zakale za chitsulo, nsalu ndi mchere zinafookera, anthu n'kutsala ndi khasu la kumunda basi. Ng'anjo zinazima, koma wosula sanafe ayi. Anangosintha mgodi. M'malo mokumba phiri anayamba kutola: chidutswa cha njanji chinakhala posulira, sipuling'i ya galimoto inakhala nkhwangwa. Ntchito imene masiku ano anthu amaichitira misonkhano m'mahotela, wosula wa ku Chiromo anaiyamba agogo awo asanabadwe.

Koma mfumu ya zotayidwa za nyengo imeneyo inali chidebe cha palafini. Mwini sitolo akagulitsa mafuta onse, chidebe chinkayamba moyo wake weniweni. Chinatunga madzi kumtsinje, chinafulula mowa, chinakhala muyezo wa chimanga pamsika. Chikabooka ankachiphwanthula kukhala denga la khola kapena chitseko. Ngakhale kachasu, amene atsamunda anamuletsa nalephera, ankadalira zotola zomwezi: mtsuko, paipi ya mfuti yakufa kapena ya njinga, ndi botolo limene mzungu anamwera zake.

Lamulo loyamba limene linauza mlimi wa m'chigwa kuti ichi n'chinyalala, chichotse, linabwera ndi thonje. Boma la atsamunda litaika malamulo a thonje kuyambira m'chaka cha 1910, mlimi aliyense ankayenera kuzula ndi kutentha mitengo ya thonje akatha kukolola, tsiku loikika lisanadutse, apo ayi mlandu. Chifukwa chake chinali chomveka ndithu: mbozi zoononga thonje zimabisala m'zotsalirazo kudikira mbewu ya chaka chamawa. Ndipo sindikuti moto wa m'munda unayamba ndi mzungu, poti osaka mbewa analipo kale. Koma lamulo limeneli, ndi akapitawo ake, linakhomerera m'mitu mwathu maganizo akuti munda wosamalika ndi munda wopsa. Lero alangizi akuyenda mudzi ndi mudzi kupempha anthu kuti mapesi a chimanga ndi mapira asamawatenthe, aziphimbira nthaka kapena kupangira manyowa, ndipo akudabwa kuti bwanji anthu sakumva msanga. Akulimbana ndi phunziro limene boma lomwelo linaphunzitsa ndi chindapusa.

Thonje lomwelo linabweretsanso chinyalala choopsa kuposa zonse. Chitukuko cha thonje cha ku Chikwawa chitayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank, mapampu opopera ndi mankhwala ophera mbozi zinafika m'midzi, ndipo mankhwalawo anabwera m'zitini ndi m'mabotolo okongola, otsekeka bwino. Munthu amene moyo wake wonse sanatayepo chiwiya angataye bwanji botolo lotero? Ine ndinakula ndikuona mchere, palafini ngakhale madzi akumwa a kumunda zikusungidwa m'mabotolo amene pachikuto pake panali chigaza ndi mafupa. Ankati tatsuka katatu ndi mchenga, palibe kanthu. Nzeru yomwe ija yosataya kanthu apa inatitembenukira.

M'nthawi ya Kamuzu ukhondo unali nkhani ya chipani. Nyumba iliyonse inkayenera kukhala ndi chimbudzi, bafa, thandala la mbale ndi dzenje la zinyalala, ndipo azaumoyo akamayendera mudzi, anyakwawa ankatuluka thukuta. Pa Sabata ya Achinyamata ana asukulu ankasesa misika ndi kulambula misewu. Alipo akuluakulu amene mpaka lero amausa moyo nati kale kunali koyera. Kunali koyeradi, koma tsache lake linali mantha, komanso zinyalala za nthawi imeneyo zinali zoti ukazikwirira m'dzenje chaka chamawa upezamo dothi.

Tsono tifike pa Nchalo. Kampani ya Lonrho ya Tiny Rowland inatsegula minda ya nzimbe kumeneko ndipo Sucoma inatulutsa shuga wake woyamba mu 1966. Mu 1997 inagulidwa ndi Illovo. Za malo amene anthu anasamutsidwapo ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene chikutikhudza lero n'chakuti fakitale ya shuga ndi mphunzitsi wamkulu wa kusataya. Nzimbe ikafinyidwa, zotsala zake zouma amazisonkhera m'ng'anjo zowiritsa madzi, nthunzi yake n'kuyendetsa makina ndi kupanga magetsi a pafakitale pomwepo. Matope otsala posefa madzi a nzimbe amabwerera kumunda ngati manyowa. Molasesi, phala lakuda lija lotsala shuga akauma, amadyetsa ng'ombe, komanso ndiye amapangira ethanol. Dziko lathu linayamba kusakaniza ethanol ndi petulo mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, m'zaka zimene nkhondo ya ku Mozambique inkatseka njira za ku Beira ndi Nacala, mafuta n'kukwera mtengo. Ya kuno kwathu, PressCane ya pa Dyeratu, inayamba mu 2004 ndi molasesi wa ku Nchalo.

Komabe unyolo umenewu uli ndi mchira. Ethanol akatchezedwa pamatsala madzi akuda onunkha, ochuluka kuposa ethanol yemweyo kangapo, amene amasungidwa m'maiwe. Anthu a m'midzi yozungulira Dyeratu akhala akudandaula za fungo ndi za madziwo akasefukira, nyuzipepala zalemba, ndipo kampaniyo inalengeza zomanga makina osandutsa madziwo kukhala feteleza. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona phunziro la fakitale: chotsala chimene chili ndi mtengo sichisowa mwini, koma chopanda mtengo chimafunafuna mudzi wa anthu osauka kuti chikagoneko.

Nyengo imene chigwa chinaonetsa luso lake lonse inali ya othawa nkhondo. Kuyambira mu 1986 anthu a ku Mozambique anakhamukira kuno, ndipo pofika 1992 m'dziko muno munali opitirira 1 miliyoni. M'boma la Nsanje alendo anachuluka kuposa eni nthaka. Mankhokwe ndi Nyamithuthu ku Nsanje, Kunyinda ku Chikwawa, anali mizinda yeniyeni ya udzu ndi malona. Anthuwa anafika manja ali m'khosi, ndipo chuma chokha chimene chinkabwera mwezi ndi mwezi chinali chakudya cha chithandizo ndi zimene chakudyacho chinkabweramo. Apa mpamene chitini cha mafuta ophikira, chija cholembedwa USA m'zilembo zazikulu, chinalowa ufumu wa chidebe cha palafini. Amisiri okhoma zitini, ambiri a iwo othawa nkhondo omwewo, ankachidula ndi kuchipinda kukhala ndowa, mapoto, makeni othirira kudimba, masefa, masutukesi, ngakhale zitseko zathunthu zolumikiza zitini khumi ndi kuposa. Tizitini tating'ono tinkasanduka nyali za koloboyi, chingwe chake kansanza ka bulangete. Thumba la ufa linkakhala mphasa, chikwama cha sukulu, kapena malaya a mwana. Tayala lotha linkatuluka nkhwayira, chubu chake n'kudulidwa malamba omangira katundu panjinga, ndipo waya aliyense wogwa pansi ana ankamupinda kukhala galimoto yokhala ndi chiwongolero chofika m'chiuno.

Ndamvapo alendo ena akuyamikira zimenezi ngati zaluso zokongoletsera m'nyumba. Zaluso zinalidi, koma mayi wovala thumba sanalivale pofuna kusamala chilengedwe. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu aja anabwerera kwawo m'zaka ziwiri zitatu zotsatira, atasenza zitseko zawo zazitini pamutu. Anatisiyira amisiri ophunzira bwino, ndi mapiri ometedwa mpala chifukwa cha nkhuni.

Mpaka nthawi imeneyo ngakhale botolo linali ndi kwawo. Botolo la Fanta kapena la Carlsberg linali ndi dipoziti. Ukapanda kubweza lopanda kanthu, wagolosale sakupatsa lodzaza. Mwana wotola mabotolo pambuyo pa mpira ankapeza ya mandasi, ndipo zitsekerero zake zinkaphunzitsa masamu mu Sitandade 1. Palibe amene ankautchula dongosolo losamala zinyalala, koma unali dongosolo, ndipo unkayenda popanda galimoto ya khonsolo ngakhale imodzi. Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990, malonda atamasuka limodzi ndi ndale. Jumbo yopyapyala inabwera yaulere, ndipo chaulere sichikhala ndi mwini. Kuchigwa kuno, kumene mwezi wa Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40, inapeza msika wake weniweni: madzi ozizira a m'timapepala, mafilizesi, kenaka masacheti a mowa, kenaka mabotolo apulasitiki a zakumwa zochokera ku Blantyre ndi kutsidya kwa malire. Inde, ana amakulunga majumbo kukhala mpira wa chikulunga, amayi amathira thobwa ndi mafuta oyeza m'mabotolo aja. Koma mudzi umodzi ungafune mipira ingati? Wokhoma ndowa naye anagonja, poti beseni lapulasitiki ndi lotchipa kuposa lake, ndipo likang'aluka silipita kwa mmisiri, limapita kudzala kukakhala mpaka kalekale.

Amene anayamba kulipira ndi ziweto. Chigwa cha Shire ndi dziko la ng'ombe ndi mbuzi, ndipo m'chilimwe msipu ukauma, chiweto chimadya jumbo iliyonse yonunkhira mchere kapena mafuta a chipisi. Funsani opha nyama pa Ngabu kapena pa Bangula zimene amapeza akatumbula: mpira wa mapulasitiki wopotana m'chifu, chiweto chitaonda chikudya. Nkhani ya mbuzi zofa chotere ndi imodzi mwa zimene zinautsa mtima Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbana ndi mapulasitiki opyapyala. Kafukufuku wa 2019 anati dziko lino linkapanga matani 75,000 a pulasitiki pachaka, gawo lalikulu n'kukhala logwiritsa ntchito kamodzi kokha. Boma linaletsa mapulasitiki osakwana mamaikuloni 60 m'chaka cha 2015, koma eni mafakitale anathamangira kukhothi kukatenga ziletso. Khothi Lalikulu la Apilo linagamula pa 31 Julaye 2019 kuti lamulolo n'loyenera; iwo anabwereranso ndi mapepala ena, chiletso pamwamba pa chiletso, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene khothi linatsegulanso njira yoti lamulo ligwire ntchito. Zaka 10 zathunthu maloya akudya bwino mumzinda, mbuzi zikudya jumbo ku Tengani.

Ndipo si zinyalala zathu zokha zimene timasenza. Chigwa ndi chigwa, chilichonse cha kumtunda chimatsikira kuno. Mtsinje wa Mudi umadutsa pakati pa mafakitale ndi misika ya Blantyre, madzi ake n'kutsika mapiri kudzathira mu Shire m'boma la Chikwawa. Amene amataya thewera la mwana pamlatho mumzinda saganiza za msodzi wa ku Elephant Marsh, dambo lija linalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017. Kumtunda kwake zinyalala ndi namasupuni zimatseka masefa a makina a magetsi pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye a mumzinda omwewo n'kumatukwana mdima. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndi Idai, mu Januwale 2022 ndi Ana, mu Malichi 2023 ndi Freddy, madzi anakumbukadi makwawa ake onse. Kale chigumula chinkasiya matope achonde m'madimba, mlimi n'kubzala chimanga cha chilimwe akumwetulira. Lero chimasiyanso mchenga, mabotolo ndi majumbo olendewera m'bango ngati mbendera za chipani. Choipa koposa, chimafukula maenje a zinyalala ndi zimbudzi n'kusakaniza zonse ndi madzi a pachitsime. Kolera amene anabuka mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pofika 2023, Nsanje inali m'gulu la maboma oyambirira kumulawa. Dzenje kuseri kwa nyumba, lija azaumoyo akhala akutiphunzitsa chiyambire lamulo la zaumoyo la 1948, ndi nzeru ya kumtunda. Pamalo pamene madzi amadutsa m'khonde chaka ndi chaka, dzenje ndi nkhokwe yongosungira mtsinje.

Malamulo alipo, osadandaula. La zachilengedwe la 1996 linalowedwa m'malo ndi la 2017. La maboma aang'ono la 1998 linapereka ntchito ya zinyalala kumakhonsolo. Mu Novembala 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi. Koma kusesa ndi kusuntha chabe. Wogulitsa tomato amadula tikiti ya msika tsiku ndi tsiku, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti mulu uli kuseri kwa benchi lakewo udzachoka liti, nanga ukachoka ukupita kuti. M'misika yambiri ya m'chigwa yankho lake ndi machesi madzulo, utsi wakuda wa pulasitiki n'kulowa m'nyumba za anthu pamodzi ndi fungo la ndiwo.

Chitsulo chokha ndicho sichinataye ulemu wake. Ogula zitsulo zakutha amayenda ndi sikelo m'midzi, ana n'kumawatolera mapoto obooka ndi mafelemu a njinga, ndipo malole amakwera Thabwa atalemedwa. Vuto lake n'lakuti sikelo sifunsa kuti chakufa n'chiti, chamoyo n'chiti. Njanji ya kumalire inasiya kuyenda chifukwa cha nkhondo m'zaka za m'ma 1980, madzi anadula njira pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, ndipo m'zaka zimene sitima inasowa, zitsulo zambiri za njanjiyo zinamera miyendo. Sitima itafikanso pa Marka kuchokera ku Beira mu Seputembala 2024, inayenda panjanji yoyalidwa mwatsopano.

Nanga chotayidwa chachikulu kuposa zonse m'chigwa chino anachitaya ndani? Si mayi wa mafilizesi ayi. Pa 23 Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika, ali ndi Robert Mugabe ndi Rupiah Banda pambali pake, anatsegula doko la Nsanje, khamu la anthu likudikira bwato la katundu limene akuluakulu a ku Mozambique anali atalitsekereza panjira. Silinafike tsiku limenelo, ndipo sitima zimene tinalonjezedwa sizinabwere. Chikhoma cha simenti chinatsala chikuyang'ana mtsinje, ndipo patapita zaka nyuzipepala zinalemba kuti ngakhale zitsulo zomangirirapo sitima anthu anazula. Ine ndikaona nkhwangwa yolemera modabwitsa pamsika wa Nsanje sindifunsa kumene chitsulo chake chinachokera. Ndimangofunsa mtengo, n'kuyamba kunenerera.